Chidindo Chimene Chinaika Mayi Nambewe M'manda

Ana anga, makamaka iwe Tiyanjane amene uli ku Ulaya, mutu uno ndaulemba chifukwa cha ukali wako wa mwezi watha. Unandikalipira pa foni ngati ndine ndabisa phukusi lako. Unati unatumiza majuzi a amayi ako kudzera ku kampani yonyamula katundu mwachangu, foni ikukuuza kuti afika, koma amayi ako akunjenjemerabe ndi chisanu. Majuziwo anali atagona ku Chipata, poti nyumba yathu ilibe nambala, ndipo dalaivala anaimba foni ine ndili kumunda. Unandifunsa kuti munthu wokhala kudziko la eni adalire yani, positi kapena makampaniwa. Pa foni ndinangoseka. Yankho langa ndi nkhani iyi.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Za ubwana wanga ndizisiya, munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Ntchito ya positi ndinaiyambira ku Chipata, m'chipinda chosankhira makalata, ndipo patangopita miyezi yochepa ananditumiza ku Chadiza. Ndinatsika pa boma ndi sutikesi imodzi, mayunifomu awiri ndi chipewa cha ntchito chimene ndinkachikonda kuposa mutu umene chinkakhalapo. Bwana wanga anali a Tembo, munthu wamfupi wa mimba yake, amene ankapachika pensulo kukhutu kenako n'kumatizunguza tonse kuti waba pensulo ndani. Anali munthu wabwino, koma malamulo a ntchito ankawadziwa ngati katekisimu.

Zinthu zinkasowa kwabasi. Chingwe chomangira matumba a makalata tinkachita kumasula n'kusunga. Mafomu akatha tinkalemba mizere papepala ndi rula. Koma chosowa chachikulu chinali inki ya padi, kabokosi kaja ka thonje kamene timanyowetsapo chidindo. A Tembo anandiphunzitsa kung'amba batire yakutha ya tochi, kupera chakuda cha m'kati, n'kuthira madontho a palafini ndi mafuta ophikira. Inki imeneyo inkagwira bwino papepala, ndipo pamalaya inkagwira bwino koposa. Amayi anu angakuuzeni, chifukwa ndinawafunsira mbeta zala zili bii.

Ambiri mwa amene ankadikira makalata mwachidwi anali alendo: masisitere a ku mishoni, aphunzitsi ochokera kunja, ndi anzathu a ku Mozambique amene anathawa nkhondo n'kumanga midzi yawo cha ku Zingalume ndi ku Pembamoyo. Munthu wa konkuno kalata ikachedwa amangoti ibwera. Mlendo kalata ikachedwa amawonda. Ndikukumbukira phukusi la Sisitere wina limene linayenda miyezi inayi, m'kati muli tchizi. Linadzilengeza lokha lisanatuluke m'thumba, mpaka a Tembo anatulutsa tebulo lawo kukagwirira ntchito pakhonde. Sisitere atabwera anatsegula, ananunkhiza, n'kunena kuti tsopano ndiye yafikapo. Kuyambira tsiku lomwelo ndinasiya kuweruza katundu wa anthu.

Chaka chachiwiri nkhondo ya ku Mozambique itatha, mwezi wa Juni

M'thumba la Lachiwiri munatuluka kalata yolembetsa yochokera ku Joni. Kalata yolembetsa sitinkaiponya m'bokosi. Mwini wake ankayenera kubwera yekha, kuonetsa reji, chitupa chake cha boma, n'kusaina m'buku kapena kudinda chala pamaso pa mboni. Pa envulopu panalembedwa kuti Rozalina Antonio, wa ku Mozambique, dera la Zingalume, Chadiza. Basi. Tinamata dzinalo pa bolodi, tinapempha akatekisiti kuti alilengeze Misa ikatha, koma masabata anatha osaoneka munthu. Lamulo linkati nthawi ikakwana kalata ibwerere kumene yachokera.

Ine zinandikhudza. Zilembo za pa envulopu zinali za munthu amene anatenga nthawi polemba, akudinikiza cholembera. Loweruka lina ndinapempha a Tembo kuti ndiitenge ndikamufune ndekha mwini wake.

“Positi si ngolo yoti izipita pakhomo pa munthu,” anatero a Tembo. “Koma njinga ndi yako, miyendo ndi yako. Ukaitaya kalatayo usabwerenso.”

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Ndinavala yunifomu yosita, nsapato zopolisha ndi chipewa chija. Nthawi imeneyo kunali mphekesera yoti amene alibe mapepala awakweza malole kuwabweza kwawo, ngakhale amene anali atalima kale n'kuika ana m'sukulu. Mphekeserayo ndinkaidziwa, koma sindinaiganizire. Ndinkaganizira za mmene ndikuonekera panjinga.

Anthu anandilozera kamudzi ka kutsidya kwa dambo. Ndinapeza azimayi atatu akusenda mtedza pakhonde. Inu mukudziwa mmene mlendo amafikira pakhomo kwathu kuno: amaodira, amatsika njinga, amadikira mpando, amapatsana moni ndi eni khomo, kenako amapereka malonje, kunena kumene wachokera ndi chimene chamuyendetsa. Ine zonsezo ndinazidumpha. Ndinaima phazi limodzi pansi, lina pa pedulo, ndinatsegula buku la ofesi, n'kuyankhula ndi mawu a pa boma.

“Ndikufuna Rozalina Antonio, wa ku Mozambique.”

Mayi amene anali pakati, wamtali, woyererako, anayang'ana chipewa changa, anayang'ana buku, kenako anaika lichero pansi mwapang'onopang'ono.

“Rozalina? Ha, bambo, mwachedwa. Anatisiya ameneyo.”

“Anapita kuti?”

“Kumene anthu sabwerako. Chaka chatha, nthawi ya maungu.”

Anzake awiri aja anagwedeza mitu, wina mpaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mayi wamtali uja anaonjezera kuti malemuyo anali munthu wabwino kwambiri, wolimbikira ntchito, wosadziwa miseche. Apo m'pamene ndinavula chipewa n'kunena kuti pepani. Za kalata sindinatchule, ndinaona ngati ndiwawawitsa mtima pachabe. Anandipatsa mtedza wodzadza thumba la yunifomu, ndipo ndinabwerera ndikutafuna, chisoni chili tho.

Lolemba ndinatenga chidindo cha makalata obwezedwa. Chinali ndi mizere inayi: wasamuka, sakudziwika, wakana, wamwalira. Ndinachinyowetsa pa padi, ndinadinda, ndinachonga mzere wachinayi. Lamulo linkati mzere umenewo usachongedwe popanda kalata ya ku mpingo kapena ya kumudzi, koma ine ndinati ndamva ndi makutu anga kwa anthu atatu, ndifunenso chiyani. Safunsa anadya phula.

Patapita zaka ziwiri ndi theka, mwezi wa Disembala

Linali tsiku la msika, mzere utafika pakhomo. Ndinaona mayi wamtali akudumpha mzere wonse, kumbuyo kwake kuli a Zulu, bambo wa ku Zingalume amene ankagwira ntchito ku Joni ndipo anali atabwera kudzadya Khirisimasi. Mayiyo anatsamira pa kauntala n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Ndi omwewa,” anauza a Zulu. “Chipewa ndi chomwechi.” Kenako anatembenukira kwa ine. “Mwaswera bwanji, adzukulu anga?”

Adzukulu, monga mukudziwa, ndi amene amakumba manda ndi kukwirira maliro. Ndinayankha kuti sindinakumbepo manda a kwawo.

“Munakumba. Ine ndine Rozalina Antonio. Kumudzi amanditcha Nambewe, make Tomasi. Munandiika m'manda ndi chidindo chanu, ndipo mtedza wa pamaliro munadya.”

Mzere wonse unafa nazo kuseka. A Zulu ndiwo anafotokoza. Ku Joni ankakhala moyandikana ndi bambo wina wa ku Mozambique dzina lake Jowakimu, amene ankasunga amayi ake okalamba m'kachipinda kake. Tsiku lina a Zulu atalowa m'chipindamo anaona chithunzi cha mtsikana pakhoma, chitakolekedwa korona yopempherera ngati cha malemu. Atachiyang'anitsitsa anati uyu ndi Nambewe wa kwathu, ndinamusiya akupalira mtedza. Jowakimu anatsegula sutikesi, anatulutsa envulopu yobwezedwa, n'kuloza chidindo changa. Anati mlongo wake anasiyana naye usiku wothawa nkhondo, anamufunafuna zaka zambiri, ndipo atamva kuti ali ku Chadiza analemba kalata, koma boma linayankha kuti anamwalira. Anameta, anaitanitsa Misa, amayi awo analira mpaka maso anatheratu. Zonena za munthu wapaulendo sakanazitengera kwa mayi wodwala, kuti akamulirenso mwana kachiwiri zikapezeka kuti n'zabodza.

“Ati boma silinama,” anatero a Zulu. “Ndipo agogowo sadzukanso pamphasa. Sindikudziwa ngati aione Pasaka.”

Kuseka kunatha. Nambewe anati, “Ndinkaopa lole, bambo. Ndinali ndi ana atatu, mwamuna atamwalira, mtedza uli m'nkhokwe. Inu munabwera ngati wapolisi, malonje osapereka. Mukanangoti ndili ndi kalata! Kudzipha ndinadzipha ndekha, sindikukana. Koma wokwirira ndinu. Tsopano mundifukule amayi anga asanapite.”

Ndinati pepani, iye anati pepani sapoletsa chilonda. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire.

Januwale wotsatira

Nambewe kupita yekha ku Joni sakanatha, analibe pasipoti ndipo mapepala ake okhalira kuno anali asanatuluke. Mafoni a m'manja kunalibe. A Zulu anadzipereka kuti atenga kalata pamanja akamabwerera, monga ankatengera ufa ndi nsomba zouma za anthu pa basi, koma iwo omwe anavomera kuti Jowakimu anawakana kale kamodzi. Ku Chipata kunali kampani yonyamula mwachangu, koma inkafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, pamene Jowakimu ankalandirira makalata pa bokosi la kuntchito kwake. Ndinaganiza masiku atatu, ndipo ndinaona kuti munthu amene anakhulupirira chidindo sadzakhulupirira china chilichonse kupatula chidindo chomwecho. Ndinayenera kulemba kalata ya ofesi, yovomera kuti ndinachonga mzere wolakwika, n'kudindapo chidindo cha tsiku.

A Tembo anatseka chitseko cha ofesi yawo, chinthu chimene ankachita kamodzi pachaka.

“Sakala, khala pansi. Kalata ya ofesi imakhala ndi inzake yotsala m'faelo. Insipekita akubwera mwezi wa mawa, ndipo faelo amaiwerenga ngati nyuzi. Dzina lako ndalitumiza kale ku Chipata, pampando wa woyang'anira chipinda chosankhira. Nyumba ya magetsi, Sakala. Mkazi wako wayamba kale kusoka makatani. Mayiyo alembe kalata yake, iwe umuthandize sitampa, basi. Ananama ndi iyeyo.”

“Ananama chifukwa cha ine, bwana. Ndipo chidindo sanadinde ndi iyeyo.”

“Ndiye ukufuna kudzimangirira wekha chingwe?”

“Ngati agogowo amwalira akudziwa kuti mwana wawo ali m'manda, ine magetsiwo ndidzawaona bwanji?”

A Tembo anafufuza pensulo pa tebulo ponse, ili kukhutu, kenako anati ndichite zimene ndikufuna, koma ndisadzati sanandichenjeze. Kunyumba ndinawauza amayi anu, ndipo titatha kudya anati makatani sasankha windo.

Nambewe anabwera Lachinayi. Ndinalemba kalata ya ofesi, ndipo pansi pake ndinalemba mawu ake mmene ankawanenera. Nditamuwerengera anapukusa mutu.

“Mawu aliyense angathe kunena. Jowakimu ndi wouma mutu chibadwire. Bweretsani kabokosi kanu kakuda ako.”

Ndinkaganiza kuti akufuna kungosaina monga ankachitira onse osadziwa kulemba. Padi inali itauma gwa, moti a Tembo anatulutsa mabatire mu tochi yawo, amene anali asanathe n'komwe, n'kundipatsa. Nditakonza inki, Nambewe ananyowetsa chala chachikulu cha kumanzere n'kudinda papepala. Pakati pa chidindo cha chalacho panadutsa mzere woyera, wokhota ngati mbedza.

“Mwachiona chipsera icho? Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndikumugwirira nzimbe, iye akudula ndi chikwanje cha atate. Anandinyengerera kuti ndikanene kuti ndadzicheka ndekha, nanenso ndinanena choncho. Mpaka lero amayi sadziwa. Lembani pansipo kuti: Jowakimu, ukapanda kuyankha ndiwauza amayi za nzimbe.”

Ndinalemba ndikuseka, misozi ili m'maso. A Tembo anabwera, anawerenga, anapumira m'mwamba, n'kusaina dzina lawo pansi pa langa ngati mboni. Thumba la tsiku limenelo ndinalimanga ndi mfundo zitatu, ndipo ndinalikweza ndekha pa basi ya ku Chipata.

Insipekita anabweradi, ndipo faelo anaiwerengadi ngati nyuzi. Ndinalandira kalata yondichenjeza, mpando wa ku Chipata unapita kwa wina. N'chifukwa chake inu munakulira pa Chadiza, n'kumawerenga pa nyali ya palafini, ndipo makatani aja ndi omwe ali m'chipinda chochezera mpaka lero, aafupi pang'ono. Zinandiwawa, ndisaname. Ndinakhala mwezi wathunthu osalankhula bwino ndi aliyense.

Febuluwale mpaka Epulo chaka chomwecho

Lachinayi lililonse Nambewe ankayenda pansi kuchokera ku Zingalume, mvula kaya dzuwa, n'kuima pakhomo pa ofesi.

“Adzukulu, ndauka kapena ndikadali?”

“Mukadali, mayi. Yesaninso sabata yamawa.”

Ankaseka, n'kusiya chimanga chachiwisi kapena dzungu pa kauntala, koma ndinkaona mmene ankachedwera kutembenuka. Milatho ina inakokoloka chaka chimenecho, matumba ankabwera mwa apo ndi apo. Thumba lililonse ndinkalitsegula ndekha. Masabata anafika asanu ndi atatu, kenako khumi. Pasaka inadutsa. Lachinayi la pambuyo pa Pasaka sanandifunse funso lake lija, anangokhala pa benchi n'kumayang'ana pansi, ndipo ine ndinasowa poyang'ana.

Kalata inafika Lachiwiri lotsatira, yolembetsa, zilembo zomwe zija zodinikiza. Sindinadikire Lachinayi. Ndinavula yunifomu, ndinavala malaya a kunyumba, chipewa ndinachisiya pa msomali. Nditafika kutsidya kwa dambo ndinatsika njinga patali, ndinaodira, ndinadikira mpando. Nambewe anandipatsa moni, ndinayankha. Anafunsa za kunyumba, ndinayankha. Maso ake anali pa thumba la malaya anga, koma anati, “Malonje, bambo.” Ndipo ndinapereka malonje onse, kuyambira pa boma mpaka pa dambo, azimayi awiri aja akuseka chogwira m'mimba.

Anadinda chala m'buku, anang'amba envulopu, n'kundipatsa kuti ndiwerenge. Jowakimu analemba kuti kalata inamupeza kuntchito, ndipo ataona chipseracho anakhala pansi pa simenti, anzake n'kumaganiza kuti wakomoka. Anati za nzimbe waulula yekha, ndipo amayi anamumenya ndi mpango, atatha zaka makumi atatu. Anati amayi ali moyo, ndi ofooka, koma tsiku limenelo anadya. Korona aichotsa pa chithunzi. Anamaliza ndi kunena kuti amayi saona, choncho anapempha kuti awagwiritse chala chawo pamene mwana wawo anadinda, ndipo anakana kuchichotsa mpaka iye anatenga polishi ya nsapato kuti nawonso adinde.

M'envulopumo munali pepala lathu lomwe lija, atalibweza. Pambali pa chala cha Nambewe cha inki ya batire panali chala china chaching'ono, chofiirira, chonunkhira polishi.

Nambewe analiyala pabondo pake. Anapukuta dzanja pa chitenje kawiri, kenako anaika chala chake pa chala cha amayi ake. Ndipo anati, osadzutsa mutu, “Adzukulu, lero ndiye mwandifukula.”

Agogowo anamwalira mvula yotsatira isanagwe, koma makalata ena atatu anali atadutsa, iliyonse ili ndi zala ziwiri.

Chaka chino

Ndinagwira ntchito pa Chadiza mpaka kupuma, ndipo mzere wachinayi uja sindinauchongenso ndisanakhale pa mpando wa eni khomo. Tsono, Tiyanjane, za positi ndi makampani ndinene chonchi: zonse zimachedwa, zonse zimafika, ndipo zonse zimathera m'manja mwa munthu mmodzi amene ali pa mtunda womaliza. Ukatumizanso phukusi ulembe dzina limene amayi ako amadziwika nalo kuno, uikepo foni ya a neba, ndipo upemphere kuti wonyamulayo akhale wodziwa kutsika njinga.

Nambewe alipo, wakalamba, akuyendera ndodo. Lamulungu lapitali tinakumana pa parishi, ndipo anandiuza kuti pamaliro ake ndisadzagwire khasu, ntchito yanga ndinagwira kale. Kenako anamasula mfundo ya pa chitenje, anatulutsa kapulasitiki, n'kundionetsa pepala lija. Inki yanga ya batire ikadali bii. Polishi ija ndiyo yatsala pang'ono kufufutika, poti zaka zonsezi m'mawa uliwonse amaikapo chala.